Ana akutuluka ndi madigiri a zamadzi, nanga bwanji odziwa ntchito akusowabe?

Aphunzitsi a Hydro: Moni nonse pa gulu pano. Pali nkhani ikundisowetsa mtendere ndiye ndati ndiitule pano poti pano pali ma injiniya, a ku labu, okumba mijigo komanso ana asukulu. Chaka ndi chaka mayunivesite a m'maiko osaukawa akutulutsa ana a madigiri a zamadzi, koma ukafunsa mabungwe ogawa madzi kapena maunduna akuti anthu odziwa ntchito akusowa, ukafunsa anawo akuti ntchito kulibe. Onse akunena zoona, tsono vuto lagona pati? A WHO ndi UNICEF anati mu 2022 anthu 2.2 biliyoni analibe madzi akumwa otetezeka bwino, ndipo cholinga cha nambala 6 cha ma SDG, zolinga za chitukuko za bungwe la United Nations, chikuti pofika 2030 aliyense akhale nawo. Amene adzagwire ntchito imeneyo ndi ana tili nawo m'kalasiwa. Tandiuzeni mosabisa, tikuwaphunzitsa zoyenera?

Nabanda: Madam zikomo poyambitsa nkhaniyi. Ine ndatsala pang'ono kumaliza ndipo kunena zoona ndili ndi mantha. Masamu a kayendedwe ka madzi m'mapaipi ndimawakhoza, fomula ya Darcy ndimaidziwa, ya Manning ndimaidziwa, koma current meter, chida choyezera liwiro la madzi mumtsinje, ndinangoiona pa chithunzi, sindinaigwirepo. Ya ku dipatimenti kwathu inafa kalekale. Ndiye tsiku lina adzanditume kumtsinje kuti ndikayeze madzi akudutsa ochuluka bwanji, ndikayambira pati ine?

Agogo a Mijigo: Mwana wanga Nabanda wayankhula za ambiri. Ine ndinapuma pa ntchito koma ndikuuzeni, nthawi yathu injiniya mmodzi amakhala ndi matekinishani angapo pansi pake, pansi pa matekinishani pali amakanika a mijigo, mapulambala, ndi anthu owerenga geji, ndodo yoonetsa kutalika kwa madzi, kumtsinje m'mawa ndi madzulo. Lero makoleji ambiri a dipuloma anawasandutsa mayunivesite, aliyense akufuna digiri, pakatipo pangotsala mpata. Injiniya atha kujambula pulani yabwino kwambiri koma amene amaima padzuwa pamene akubowola, kuona zidutswa za miyala zikutuluka mita iliyonse nkulemba, kuwerenga mapaipi a casing amene alowadi pansi, kuonetsetsa kuti gravel waikidwa ndipo simenti yotseka pamwamba yathiridwa kuti madzi oipa asatsikire m'kati, ameneyo ndi tekinishani. Akasowa ameneyo mjigo umaoneka bwino tsiku loupereka, ikafika nthawi ya dzuwa wauma kapena ukutulutsa matope.

Kadaulo: Agogo mwalasa. Ndionjezere pamenepo, ma kontirakiti ambiri amati tikulipira ukapeza madzi, ukapanda kupeza palibe ndalama. Ndiye wobowola amathamangira pamene akudziwa kuti madzi ali pafupi, akangowagunda pang'ono wasiya, pumping test achita mwachidule kapena angolemba manambala a m'mutu. Woyang'anira akakhala mwana woti sanaonepo test yeniyeni, kupopa mosalekeza kwa maola ambiri nkumayeza mmene madzi akutsikira kenako kuzimitsa nkuyeza mmene akubwerera, angosaina basi. Si kuti ndi mbuli ayi, sanaonetsedwe.

Nabanda: Ndiye zimenezozo ankolo ndi zimene ndikuopa, kusaina chinthu chimene sindikuchimvetsa

Phiri wa Masitazi: Ine ndiyankhulepo mbali ya maphunziro akunja poti ena amawanyoza. IHE Delft, sukulu ya zamadzi ya ku Netherlands, inayamba mu 1957, pambuyo pa madzi osefukira a 1953 amene anapha anthu ambiri kumeneko, ndipo kuyambira nthawi imeneyo yaphunzitsa anthu ochuluka zedi ochokera ku Africa, Asia ndi Latin America. Ubwino wake waukulu si ma labu okha, koma kuti m'kalasi imodzi mumakhala wa ku Bangladesh, wa ku Ethiopia, wa ku Bolivia, wa ku Vietnam, aliyense nkumafotokoza mmene kwawo zimavutira, ndiye umatulukamo maso atatseguka. Sindikuona chifukwa chonenera kuti tisamatumize anthu kunja.

Kadaulo: Achimwene Phiri palibe wanena kuti tisatumize. Funso ndi loti akabwera amapeza chani, nanga amabwera angati? Munthu waphunzira ma model apamwamba a pa kompyuta oyerekezera kayendedwe ka madzi, wafika ku ofesi kompyuta ndi yakale, layisensi ya sofutiweya kulibe, galimoto yopitira ku field ilibe mafuta, malipiro ndi ochepa. Pakutha chaka wapita ku bungwe lakunja kapena wabwerera konko. Ine sindimuda munthu wotere, ali ndi banja. Koma boma limene linamupatsa tchuthi cha sukulu latsala manja lende.

Phiri wa Masitazi: Pamenepo sindikutsutsa. Koma pa sofutiweya pokha zinthu zinasintha. QGIS yopangira mamapu ndi yaulere, EPANET yopangira ma network a mapaipi ndi yaulere, HEC-RAS ya madzi osefukira yaulere, MODFLOW ya madzi a pansi pa nthaka yaulere. Data ya mvula ya CHIRPS imayambira 1981 ndipo aliyense atha kuitenga pa intaneti, ma satelayiti a GRACE kuyambira 2002 akhala akuonetsa mmene madzi osungika m'nthaka akusinthira. Mwana wa laputopu ndi bando atha kuchita zinthu zimene kale zimafuna ofesi yonse.

Aphunzitsi a Hydro: A Phiri, apa ndi pamene ine ndimadandaulira kwambiri ndiye mundilole nditalikitse. Zida zaulerezo ndi dalitso, ndimaziphunzitsa ndipo sindingasiye. Koma model imafuna uiyerekeze ndi zimene zayezedwa pansi pano. Satelayiti ikuuza mvula ya dera lalikulu, siikuuza madzi amene adutsa pa mlatho wakutiwakuti lero. M'maiko ambiri a mu Africa malo oyezera madzi m'mitsinje anayamba kuchepa kuchokera m'ma 1980, nthawi imene maboma amadula bajeti, owerenga geji osalipidwa, mageji kukokoloka osabwezeretsedwa. Ndiye pali mitsinje imene data yake yabwino ndi ya m'ma 1960 ndi 1970, pambuyo pake mipata yokhayokha. Komanso geji payokha imangokuuza kutalika kwa madzi, kuti udziwe kuchuluka kwake pamafunika rating curve, graph yolumikiza kutalika kwa madzi ndi kuchuluka kwake, ndipo rating curve imasintha mtsinje ukadzadza mchenga kapena ukakumba pansi pambuyo pa chigumula. Ngati palibe munthu wopita kukayezanso, manambala onse otuluka pamenepo ndi abodza ngakhale graph ikongole bwanji. Ana anga amabwera ndi ma graph okongola, ndikawafunsa kuti mtsinje umenewu unauonapo ndi maso, ambiri amangoti chete. Ndipo mlandu si wawo, ndalama ya ulendo wa ku field ndi imene imayamba kudulidwa bajeti ikavuta. Damu kapena mlatho womangidwa pa manambala otere ndi umene umadzapha anthu.

Agogo a Mijigo: Madam mwanena mawu. Wowerenga geji uja anthu amamuona ngati munthu wamba koma buku lake ndi limene dziko lonse limadalira pomanga.

Namwino: Ndilowereko ine wa zaumoyo ngakhale sindine injiniya. Mukamaphunzitsa anawa chonde musamangowaphunzitsa kupeza madzi, aziyezanso zimene zili m'madzimo. Ku Bangladesh kuyambira m'ma 1970 anakhoma zitsime za mapaipi mamiliyoni pofuna kuthawa madzi a m'madziwe amene amapha ana ndi matenda otsekula m'mimba, cholinga chinali chabwino ndithu, koma arsenic, poizoni wachilengedwe wa m'nthaka, sanamuyeze. Zinadzatsimikizika mu 1993 anthu atamwa kale zaka zambiri, ena khungu litayamba zilonda, ena khansa. Mpaka anayamba kupenta mijigo, yofiira ndiye kuti osamwa, yobiriwira ndiye yabwino. Mlingo wa WHO ndi ma microgram 10 pa lita, kanthu kosaoneka, kosanunkha, kosamveka mkamwa. Chimodzimodzi fluoride m'chigwa cha Rift Valley ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, akapitirira 1.5 mg pa lita mano a ana amathimbirira, akachuluka kwambiri mafupa amapindika. Madzi oyera mbee koma akuwononga mwana.

Nabanda: Anamwino za Bangladesh tinaphunzira koma ngati ndime imodzi ya mayeso basi, mmene mwafotokozeramu zandikhudza mosiyana

Namwino: Ndi chifukwa chake ndimalakalaka ana a zamadzi azibwera ku chipatala nthawi ya kolera, angokhala masiku ochepa aone. Akaona tenti ya odwala sangaiwalenso kuyeza klorini kumapeto kwa paipi. Chifukwa kuthira klorini pa thanki si nkhani, nkhani ndi yoti kodi pa mpopi womaliza wafikabe 0.2 mg pa lita kapena wathera m'njira, ndipo madzi akakhala a matope klorini sagwira bwino ntchito. Ife ndi a zamadzi timakumana mliri ukabuka, ukatha aliyense kwake, pomwe tikanamaphunzira limodzi kuyambira ku sukulu.

Mlongo wa Mthirira: Moni akuluakulu, ndachedwa kulowa koma ndawerenga zonse. Mwakamba za madzi akumwa kwambiri, tisaiwale kuti pa dziko lonse pafupifupi 70 peresenti ya madzi amene anthu amatunga m'mitsinje ndi pansi amapita ku ulimi. Ndiye katswiri wa zamadzi woti sadziwa kuyankhula ndi mlimi ndi theka la katswiri. Pa sikimu ya mthirira vuto lalikulu nthawi zambiri si ngalande, ndi anthu, wa kumtunda watseka madzi wa kumunsi mbewu zikufota, komiti yagawanika, ndalama zokonzera pampu sizikuoneka. Mu silabasi ya uinjiniya mulibe phunziro la kukhalira pakati pa anthu okwiya. Ine ndinaziphunzira pa ntchito kwa mayi wina wa zaulangizi amene analibe digiri koma msonkhano amauyendetsa mpaka anthu kugwirizana ndondomeko ya masiku othirira.

Kadaulo: Achemwali ndikumva koma tisamale, tikayamba kuthira chilichonse mu digiri imodzi titulutsa munthu wodziwa pang'ono pang'ono paliponse koma osatha kupanga dizaini ya paipi imodzi. Ndawaonapo ena a IWRM, maphunziro aja oyendetsa nkhani zonse za madzi pamodzi, kuyankhula pa wekishopu ndi akatswiri koma uwapatse pulani awerenge, zii.

Mlongo wa Mthirira: Achimwene sindinati asiye masamu. Ndikuti masamu akhale maziko kenako aphunzire za anthu. Mfundo za msonkhano wa zamadzi wa ku Dublin za 1992 zinanena kale kuti ogwiritsa ntchito madzi azitenga nawo mbali komanso kuti amayi ali pakati penipeni pa nkhani ya madzi. Zaka zoposa 30 zapita koma lowani m'kalasi ya uinjiniya muwerenge atsikana, lowani pa malo obowola muwerenge. Amene amatunga madzi ndi amayi ndi atsikana, amene amadziwa kuti mjigo wayamba kulemera kapena madzi ayamba kukoma dzimbiri ndi iwowo, koma pa dizaini safunsidwa. Ku Barefoot College ku Tilonia, India, imene inayamba mu 1972, anaphunzitsa amayi a kumudzi osapita patali ndi sukulu kukonza mijigo ndipo anaikonza ndithu.

Agogo a Mijigo: Mlongo wakumbutsa za dzimbiri, ndiikepo kanthu ana amve. Pampu ya India Mark II ndi yolimba, koma mapaipi ake akale a galvanised ukawaika m'madzi a asidi, pH yotsika kuposa 6.5, amadyeka msanga, madzi amasanduka ofiira, anthu amausiya mjigo nkubwerera kudambo. Kachida koyezera pH nkakang'ono kolowa m'thumba, koma mijigo yambirimbiri mu Africa muno inawonongeka chifukwa palibe anayeza asanasankhe mapaipi. Pampu ya Afridev ija inayambira ku Malawi kumayambiriro kwa m'ma 1980 nkukamalizidwira ku Kenya, nzeru yake inali yoti anthu a pamudzi azitha kusolola ndodo nkusintha ma raba okha ndi sipanala imodzi, mapaipi ake a pulasitiki. Amene anaiganiza anali anthu oti akhalitsa pa mjigo, anaona chimene chimavuta. Ndiye ana inu mukapita ku atachimenti musamachite manyazi kufunsa makanika wa ovolosi yakuda, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Phiri wa Masitazi: Agogo zikomo. Ndibwerere pa nkhani yathu ndi Kadaulo ija yoti tiphunzitsire kuti. Pali njira yapakati imene ikugwira kale ntchito, masukulu a m'chigawo. WaterNet inakhazikitsidwa mu 2000, ndi mgwirizano wa mayunivesite a kummwera ndi kummawa kwa Africa, masitazi yake ya IWRM imachitikira ku University of Zimbabwe ndi University of Dar es Salaam, ophunzira ochokera maiko osiyanasiyana pamodzi. Kumadzulo kuli 2iE ku Ouagadougou, Burkina Faso, komanso AGRHYMET ku Niamey, Niger, imene inayamba mu 1974 chilala cha ku Sahel chitawapweteka. African Union nayo ili ndi sukulu ya zamadzi ndi mphamvu ku Tlemcen, Algeria. Kuphunzira m'chigawo kumatchipa, mavuto ake ndi ofanana ndi akwanu, ndipo pali phindu lina limene anthu saliwerengera. Mtsinje wa Zambezi uli m'maiko 8, Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Tsiku limene akutsegula zitseko za damu kumtunda, wa kumunsi ayenera kudziwa msanga. Ngati awiriwo anakhala kalasi imodzi amangoimbirana foni, kalata ya boma imabwera pambuyo.

Aphunzitsi a Hydro: Mfundo imeneyo ndaikonda. Namondwe Idai atagunda Beira mu March 2019 madzi sanafunse pasipoti, Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi onse analira limodzi. Madzi a m'damu la Kariba atatsika mu 2024 magetsi anavuta ku Zambia ndi ku Zimbabwe komwe. Ana a lero adzagwira ntchito m'nyengo imene data yakale siikulosanso bwino za mawa.

Kadaulo: Komanso aziphunzira kusamala zomwe zilipo kale, osangoti kumanga zatsopano. Aliyense amafuna pulojekiti yatsopano poti ndi imene ili ndi ndalama ndi riboni yodula. Ku Derna, Libya, mu September 2023 madamu awiri omangidwa m'ma 1970 anaphulika ndi namondwe Daniel, anthu masauzande anafa usiku umodzi, chonsecho akatswiri anali atachenjeza kale kuti madamuwo akufunika kukonzedwa. Kuyendera damu, kuona ming'alu, kuyeza madzi amene akudontha kunsi kwa khoma, kulemba lipoti nkulimbikira mpaka bwana asaine ndalama, imeneyo ndi ntchito yosatchuka koma ndi imene imasunga miyoyo. Sindikudziwa yunivesite zingati zimaipatsa semesita yonse.

Bambo a Mita: Ine ndimagwira ku bungwe logawa madzi m'tauni, mbali ya ma mita ndi ma bilu. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Phnom Penh ku Cambodia. Mu 1993 pamene Ek Sonn Chan amatenga utsogoleri wa bungwe logawa madzi kumeneko, madzi okwana 72 peresenti amatayika kapena osalipiridwa, dziko litangotuluka m'nkhondo, akatswiri ambiri atafa kapena kuthawa. Patapita zaka pafupifupi 15 anatsika kufika cha pa 6 peresenti. Ndalama za maiko ena zinathandiza inde, koma chachikulu anakweza achinyamata ophunzira nkuwapatsa udindo weniweni, kuwaphunzitsa pa ntchito pomwepo, malipiro kukwera malinga ndi zimene wachita, wa ziphuphu kuchotsedwa, mita pa nyumba iliyonse ngakhale ya nduna. Ndiye ndikamamva kuti vuto ndi ana osadziwa ntchito ndimafunsa kuti nanga ife olemba ntchito tikuchitapo chani? Mwana wabwera ku atachimenti timamukhazika pa fotokope miyezi yonse, kenako tizidandaula kuti yunivesite sikuphunzitsa.

Nabanda: Bambo a Mita mwanena zimene anzanga ambiri anakumana nazo. Wina anangopatsidwa mafayilo kuti azisanja mpaka atachimenti kutha, wabwera ndi kalata yoti wachita bwino kwambiri

Bambo a Mita: Pepani mwana wanga, zimenezo ndi zolakwika ndipo timaziona. Usiku pamene anthu agona ndi nthawi imene timayeza madzi olowa m'dera kuti tidziwe akudontha ochuluka bwanji, chifukwa nthawi imeneyo ogwiritsa ntchito ndi ochepa ndiye zambiri zimene mita ikuwerenga ndi zotayika. Wophunzira atapita nawo usiku umodzi wotere, ndi ndodo yomvetsera kudontha ija, angaphunzire zambiri kuposa sabata ya manotsi.

Aphunzitsi a Hydro: Nanga bwanji amisiri ngati Agogo a Mijigo sitiwalowetsa m'kalasi? Malamulo a mayunivesite ambiri amati wophunzitsa akhale ndi masitazi kapena PhD, ndiye munthu wa zaka makumi pa rig, makina obowolera mijigo, sangaime kutsogolo kwa ana, pomwe ife a mapepala tikuphunzitsa kubowola kuchokera m'buku lolembedwa potengera miyala ya ku Ulaya. Gawo lalikulu la Africa lili pa thanthwe lakale lolimba, madzi amapezeka m'chigawo chofumbutuka cha pamwamba ndi m'ming'alu, mabowo awiri otalikirana mamita ochepa lina litha kupatsa madzi lina louma. Makina a resistivity, ofufuzira madzi a pansi ndi magetsi, amathandiza koma kuwerenga zotsatira zake kumafuna munthu amene anaonapo nthawi zambiri zimene zinatuluka atabowola. Nzeru imeneyo ikupita kumanda ndi eni ake osalembedwa paliponse.

Agogo a Mijigo: Madam ine ndilipo, mphamvu zokwera pa rig zinatha koma pakamwa ndi maso zikugwirabe. Mabuku anga a ma log, momwe ndinkalemba miyala yotuluka mita iliyonse pobowola, ndinasunga. Mukandiitana ndibwera, digiri ndilibe koma ana ndiwaonetsa kusiyanitsa dongo ndi thanthwe lofumbutuka pongofikisa m'manja.

Kadaulo: Nanenso pa site ndingatenge ana awiri nthawi imodzi, kuposa apo chitetezo chimavuta. Koma ndinene pano, abwere ndi nsapato zolimba ndi chipewa cha pa site, ndipo akhale mpaka pumping test ithe ngakhale ifike usiku, osati kujambulitsa pa rig nkumapita.

Mlongo wa Mthirira: Mwa awiriwo mmodzi akhale mtsikana achimwene, ndipo pa site pakhale chimbudzi ndi pogona pabwino, chifukwa ndi tinthu timeneti timene timabweza atsikana ambiri ku field osati kulemera kwa ntchito.

Kadaulo: Zamveka achemwali, zimenezo ndikonza.

Phiri wa Masitazi: Ine ndithandiza mbali ya kompyuta pa intaneti madzulo a Loweruka, QGIS ndi EPANET, koma ndipemphe kuti tizigwiritsa ntchito manambala amene iwo eni ayeza kwa Kadaulo ndi kwa Bambo a Mita, osati a m'buku. Agogo ngati mungalole ma log anuwo tiwajambule tiwalowetse mu kompyuta, anawo ndi amene azilowetsa kuti aziwerenga akulemba.

Bambo a Mita: Kwathu ndiyenera kupempha kaye chilolezo kwa mabwana poti data ya makasitomala sitingaitulutse, koma ya mita yaikulu ya dera ndikuganiza sizivuta. Ndikuyankhani ikamatha sabata.

Nabanda: Ankolo Kadaulo ine ndilembeni dzina, ndipo mnzanga wina wa dipuloma ali pa gulu lomwe lino koma amachita manyazi kulemba, ndamuuza akupezeni ku inbox. Agogo ma log aja amalembedwa pa fomu yapadera kapena kope wamba ndikwanira?

Agogo a Mijigo: Kope la chikuto cholimba ndi pensulo, osati bolopeni, inki imafufutika ikanyowa. Utengenso timatumba ta pulasitiki toikamo zidutswa za mita iliyonse ndi cholembera pa timatumbapo. Fomu ndikutumizira Kadaulo akanena tsiku.